Kuchoka pa Mbendera Yoyera Kufika pa Mabuku a Ngongole: Mbiri ya U2

Gulu loimba la U2 linayamba m'chaka cha 1976 mumzinda wa Dublin, ku Ireland, ndipo mpaka lero eni ake akadali anayi omwe aja: Bono woimba, The Edge wa gitala, Adam Clayton wa besi, ndi Larry Mullen Jr. wa ng'oma. Agulitsa zimbale zoposa 150 miliyoni, ndipo alandira mphoto za Grammy zokwana 22, chiwerengero chimene palibe gulu lina loimba lachifikira. Mbiri yawo ilinso ndi mbali ina imene imakhudza ngakhale anthu amene sanamvepo nyimbo yawo ndi imodzi yomwe. Dzina la U2 limapezeka m'nkhani ya mtendere wa ku Northern Ireland, ya kuzingidwa kwa mzinda wa Sarajevo, ya kukhululukidwa kwa ngongole za maiko osauka, ndiponso ya mankhwala a edzi. Anayamba ali anyamata odzala mkwiyo ndi chifundo, ndipo anaphunzira pang'onopang'ono, kwina akupunthwa, kuti chifundo chimadyetsa munthu lero, koma mawa ake amakonzedwa ndi malamulo, mabajeti ndi ziganizo za anthu okhala m'maofesi.

Chilumba chogawanika

Ireland ndi chilumba chimene chimaidziwa njala. Pakati pa 1845 ndi 1852 matenda anagwira mbatatesi, chakudya chimene anthu osauka ankadalira, ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, enanso ochuluka chimodzimodzi anathawira kunja. Nthawi imeneyo chilumbachi chinkalamulidwa ndi Britain, ndipo zombo zinkachoka m'madoko ake zitasenza zakudya anthu akufa m'misewu. Mwana aliyense wa ku Ireland amakula akuimva nkhaniyi, ndipo amakula akudziwa kuti njala imakhala ndi eni ake.

Mu 1921 chilumbachi chinagawidwa pawiri. Kummwera kunakhala dziko loima palokha, la Akatolika ambiri, pomwe zigawo zisanu ndi chimodzi za kumpoto zinatsala pansi pa Britain. Kumpotoko Akatolika ankasalidwa pa ntchito, pa nyumba ndi pa mavoti, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabuka chiwawa chimene chinatha zaka 30 n'kupha anthu oposa 3,500. Pa 30 Januwale 1972, asilikali a Britain anaombera anthu amene ankachita zionetsero zofuna ufulu mumzinda wa Derry. Anthu 13 anafera pomwepo ndipo wina anamwalira pambuyo pake. Pa 17 Meyi 1974 mabomba anaphulika ku Dublin ndi ku Monaghan n'kupha anthu 33. Anyamata a U2 anali ndi zaka 12 mpaka 14 pamene zimenezi zinkachitika mumzinda wawo.

Kunyumba kwa Paul Hewson, amene anadzatchuka ndi dzina loti Bono, malire amenewa ankadutsa pakati pa nyumba. Bambo ake, a Bob, anali Mkatolika. Mayi ake, a Iris, anali a mpingo wa Church of Ireland. Lamlungu anawo ankapita kutchalitchi ndi mayi awo, bambo n'kulowera ku Misa okha. Mu 1974 mayiwo anakomoka pa maliro a bambo awo owabereka, n'kumwalira patapita masiku ochepa. Paul anali ndi zaka 14.

M'khitchini ya kwa a Mullen

Sukulu ya Mount Temple inali yachilendo mu Dublin wa nthawi imeneyo chifukwa inkalandira ana a mipingo yonse, anyamata ndi atsikana pamodzi. Pasukulupo ndi pamene Larry Mullen, ali ndi zaka 14, anakhoma kapepala pabolodi la zidziwitso kofuna anzake oyamba nawo bandi. Pa 25 Seputembala 1976 anyamata angapo anasonkhana m'khitchini ya makolo ake ku Artane. Ambiri mwa iwo sankadziwa bwino kuimba chida chilichonse. Anadzitcha Feedback, kenako The Hype, ndipo mu Malichi 1978 anakhazikika pa dzina la U2. Mwezi womwewo anapambana mpikisano wa oimba ku Limerick n'kulandira mapaundi 500. Chaka chomwecho anapeza manijala, Paul McGuinness, amene anakhala nawo mpaka 2013, ndipo anagwirizana zoti ndalama azigawana mofanana, posaona kuti walemba nyimbo ndani. Mgwirizano umenewu ndi umodzi mwa mizati imene yagwira gululi osagawanika.

Kusadziwa kwawo kuimba nyimbo za ena kunawakakamiza kupeka zawo. David Evans, amene ndi The Edge, anapeza kachipangizo kobwereza mawu a gitala, ndipo m'malo mothamangitsa zala ngati oimba ena, ankakhudza nsambo zochepa n'kusiya mawuwo azidzibwereza mpaka kudzaza holo yonse. Kalilidwe kameneka ndi kamene munthu amazindikira nako U2 nyimbo ikangoyamba. Kampani ya Island Records inawalemba mu 1980, ndipo chimbale chawo choyamba, Boy, chinatuluka chaka chomwecho. Nkhani zake zinali za unyamata ndi imfa ya mayi, pakuti Larry naye anali atataya mayi ake pa ngozi ya pamsewu mu 1978.

Bono, The Edge ndi Larry analowa m'kagulu ka mapemphero kotchedwa Shalom, ndipo panafika nthawi, cha m'ma 1981, imene anatsala pang'ono kusiya kuimba poganiza kuti moyo wa bandi sungayende pamodzi ndi chikhulupiriro. Anaganiza zopitiriza, koma funsolo silinawachoke: kodi nyimbo zili ndi ntchito yanji m'dziko lovulala? Zambiri zimene achita kuyambira pamenepo ndi kuyesa kuyankha funso limeneli.

Mbendera yoyera

Yankho loyamba linabwera mu 1983 ndi chimbale cha War, chimene chinachotsa Thriller ya Michael Jackson pa nambala wani ku Britain. Chimayamba ndi nyimbo ya "Sunday Bloody Sunday", imene imatsegulidwa ndi ng'oma za kaguba, zimene Larry anaphunzira ali mwana m'mabandi oguba a ku Dublin. Mutu wake ukukumbutsa za kuphedwa kwa anthu ku Derry, ndipo ku Ireland kuli nyimbo zambiri zakale zotamanda omenyera ufulu ndi mfuti, kotero ambiri ankayembekezera kuti nayonso ikhala yotero. Nyimboyi inakana kuima ndi mbali iliyonse yokhetsa magazi. Ataiimba koyamba ku Belfast mu Disembala 1982, Bono anauza anthu kuti akaikana sadzaiimbanso. Anthu anailandira.

Pa maulendo a 1983 Bono ankaguba pansanja atanyamula mbendera yoyera. M'dziko limene mtundu wa mbendera yopachikidwa mumsewu unkauza munthu ngati angadutsemo ali moyo, kunyamula mbendera yopanda mtundu kunali kulankhula momveka. Chimbale chomwecho chili ndi "New Year's Day", yokhudza gulu la ogwira ntchito la Solidarity ku Poland, ndipo chimatha ndi nyimbo yochokera pa Salimo 40, imene kwa zaka zambiri ankatsekera nayo maphwando awo. Chaka chotsatira, pa chimbale cha The Unforgettable Fire chimene anakonza ndi Brian Eno ndi Daniel Lanois, anaimba nyimbo ya "Pride" yolemekeza a Martin Luther King, mbusa amene anamenya nkhondo ya ufulu popanda chida.

Mawu awo olimba kwambiri pa nkhaniyi anamveka pa 8 Novembala 1987. M'mawa wa tsikulo bomba la IRA, gulu la zida lolimbana ndi ulamuliro wa Britain kumpoto kwa Ireland, linaphulika ku Enniskillen pamwambo wokumbukira asilikali amene anafa pankhondo, n'kupha anthu 11. Usiku wake U2 inali pansanja ku Denver, ku America, dziko limene anthu ena ochokera ku Ireland ankasonkhako ndalama zothandizira IRA. Pakati pa nyimbo, Bono anadzudzula poyera anthu amene amatamanda nkhondo ali kutali, osaona mitembo ya okalamba itaphimbidwa ndi zidutswa za khoma. Mawuwo analowa mufilimu ya Rattle and Hum ya 1988, ndipo anamupezera adani kwawo komwe.

Njala ya ku Ethiopia

Mu Okutobala 1984 wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa zithunzi za njala ku Korem, kumpoto kwa Ethiopia. Woimba wina wa ku Dublin, Bob Geldof, pamodzi ndi Midge Ure, anasonkhanitsa oimba otchuka kuti ajambule nyimbo yopezera ndalama pansi pa dzina la Band Aid, ndipo Bono ndi Adam Clayton anali nawo. Pa 13 Julayi 1985 panachitika phwando lalikulu la Live Aid, ku London ndi ku Philadelphia, limene linaulutsidwa pa kanema m'maiko ambiri nthawi imodzi. Pabwalo la Wembley, U2 ikuimba nyimbo ya "Bad", Bono anadumpha pansanja n'kupita kukavina ndi mtsikana amene anamutulutsa m'chikhamu chothinana. Nyimboyo inatalika mpaka mphindi pafupifupi 12, nthawi yawo n'kutha asanaimbe "Pride". Anzake anakwiya poganiza kuti wawawonongera mwayi, koma mphindi zimenezo ndi zimene dziko linazikumbukira, ndipo kuchokera tsikulo U2 inakhala gulu la mabwalo akuluakulu.

Chimene chinasintha Bono chinachitika kutali ndi makamera. Chakumapeto kwa chaka chomwecho iye ndi mkazi wake, Ali, anapita ku Ajibar, ku Ethiopia, kumene anakhala pafupifupi mwezi akugwira ntchito ndi bungwe la World Vision pamalo osungira ana amasiye. Ankapeka tinyimbo ndi timasewero tophunzitsa ana zaukhondo ndi kadyedwe. Bono wakhala akufotokoza kambirimbiri za bambo wina amene anamupempha kuti atenge mwana wake apite naye ku Ireland, chifukwa akatsala amwalira. Sanamutenge. Anabwerera kwawo, moyo wa bandi unapitirira, ndipo panatha zaka zoposa khumi asanapeze chochita ndi zimene anaonazo.

America wa nkhope ziwiri

Mu Juni 1986 U2 inatsogolera maphwando asanu ndi limodzi a bungwe la Amnesty International ku America, opempha anthu kuti azilemba makalata omenyera akaidi a ndale. Mwezi wotsatira Bono ndi Ali anapita ku Nicaragua ndi ku El Salvador, kumene anaona midzi ikuomberedwa pa nkhondo imene boma la America linkathiramo ndalama ndi zida. Atabwerera anapempha The Edge kuti gitala yake imveke ngati nkhondo imeneyo, ndipo panabadwa "Bullet the Blue Sky". Anapekanso "Mothers of the Disappeared", ya amayi amene ana awo anatengedwa ndi asilikali osadzaonekanso.

Nyimbo ziwirizi zili pa The Joshua Tree, chimbale cha Malichi 1987 chimene chagulidwa makope oposa 25 miliyoni ndipo chinalandira Grammy ya chimbale chopambana cha chaka. Anthu ambiri amachidziwa ndi "With or Without You" ndi "I Still Haven't Found What I'm Looking For", zimene zinafika pa nambala wani ku America. Komabe m'kati mwake muli nyimbo ya mabanja a ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Britain amene anasweka pa sitalaka ya 1984 mpaka 1985, ndi ina ya achinyamata amene ankafa ndi mankhwala ozunguza bongo m'nyumba zosanja za ku Ballymun, pafupi ndi kumene Bono anakulira. Gululi linkakonda America wa nyimbo za gospel ndi blues, n'kumadzudzula America wotumiza zida, ndipo zonse ziwiri linazinena pa chimbale chimodzi chimene Aamerika eni ake anagula mwaunyinji.

Berlin ndi Sarajevo

Pofika 1989 anthu ena anali atatopa nawo, akuti akulalikira kwambiri. Iwo eni anaona kuti njira yawo yafika pothera. Mu Okutobala 1990 anapita ku situdiyo ya Hansa ku Berlin, dziko la Germany likugwirizananso, ndipo kumeneko anakangana za mtundu wa nyimbo zoti aziimba mpaka gulu linatsala pang'ono kutha. Nyimbo ya "One" inatulukira mkati mwa mkanganowo n'kuwabwezera pamodzi. Itatuluka payokha mu 1992, phindu lake linapita ku mabungwe ofufuza za edzi. Chimbale cha Achtung Baby ndi ulendo wa Zoo TV zinabweretsa U2 ina, ya makanema akuluakulu pansanja, yofunsa mmene wailesi za kanema zimasandutsira nkhondo kukhala zosangalatsa owonera.

Mu 1993 mzinda wa Sarajevo unali utazingidwa ndi asilikali a Aserbia a ku Bosnia, anthu akuomberedwa popita kukatunga madzi, maiko a ku Ulaya akungoyang'ana. Bill Carter, Mwamerika amene ankagwira ntchito yothandiza anthu mumzindamo, anapeza njira yokumana ndi gululi ku Italy. Anagwirizana zoti pakati pa phwando azilumikiza Sarajevo kudzera pa setilaiti, kuti anthu a mumzindawo azilankhula okha pa makanema a pansanja. Zinali zowawa kuonera. Anthu amene analipira kuti adzasangalale ankapezeka akuyang'anizana ndi munthu wowafunsa chifukwa chimene akumusiyira kuti afe, ndipo olemba nkhani ena anadzudzula gululi kuti likusakaniza masautso ndi zosangalatsa. Komabe apa U2 inachita chinthu chimene sinachitenso kawirikawiri pambuyo pake: inapereka maikolofoni kwa eni mavuto. Mu 1995 anajambula "Miss Sarajevo" ndi Luciano Pavarotti, ndipo pa 23 Seputembala 1997 anakwaniritsa lonjezo lawo poimba pabwalo la Koševo pamaso pa anthu pafupifupi 45,000 ochokera mbali zonse zimene zinkamenyana. Miyezi ingapo pambuyo pake, ku Argentina ndi ku Chile, anakweza pansanja amayi a anthu osowa atanyamula zithunzi za ana awo.

Manja awiri ku Belfast

Pa 10 Epulo 1998 zipani za ku Northern Ireland ndi maboma a Britain ndi Ireland anasainirana pangano la mtendere la Lachisanu Loyera. Linkafunika kuvomerezedwa ndi anthu pa riferendamu ya pa 22 Meyi, ndipo panali mantha akuti Apulotesitanti ambiri alikana. Pa 19 Meyi, U2 ndi gulu la achinyamata la Ash anaimba muholo ya Waterfront ku Belfast pamaso pa ana a sukulu a mbali zonse ziwiri. Bono anaitanira pansanja a John Hume, mtsogoleri wa chipani chachikulu cha Akatolika, ndi a David Trimble, mtsogoleri wa chipani chachikulu cha ofuna kukhalabe ndi Britain, n'kukweza manja awo m'mwamba iye ali pakati. Chithunzicho chinatuluka m'manyuzipepala m'masiku otsiriza a kampeni. Anthu 71 mwa 100 alionse kumpotoko anavota kuti inde.

Panganolo linali ntchito ya zaka zambiri ya andale, atsogoleri a mipingo ndi magulu a amayi, ndipo mphoto ya Nobel ya chaka chimenecho inapita kwa a Hume ndi a Trimble. Gawo la oimbawo linali laling'ono koma la panthawi yake: anabwereketsa kutchuka kwawo kwa anthu amene anagwira ntchito yeniyeniyo. Mtendere sunabwere tsiku limodzi, pakuti mu Ogasiti chaka chomwecho bomba la ku Omagh linapha anthu 29.

Mabuku a ngongole

Cha nthawi yomweyo, anthu a kampeni ya Jubilee 2000 anafikira Bono. Kampeniyi, imene inayambira m'mipingo ndi m'mabungwe, inatenga mfundo ya pa Levitiko 25 ya chaka chomasula akapolo ndi kubweza minda, n'kupempha kuti ngongole za maiko osaukitsitsa zikhululukidwe pofika chaka cha 2000. Mu Meyi 1998 anthu pafupifupi 70,000 anagwirana manja kuzungulira pakati pa mzinda wa Birmingham pamene atsogoleri a maiko olemera a G8 ankakumana. Chimene chinamugwira mtima Bono ndi masamu ake: ndalama zonse zimene Live Aid inasonkhetsa zinali zofanana ndi zimene maiko a mu Africa ankabweza pa ngongole m'masiku owerengeka chabe. Zambiri mwa ngongolezo zinatengedwa ndi olamulira ankhanza amene maiko olemera ankawasangalatsa pa nthawi ya mkangano wa America ndi Soviet Union, koma obweza anali alimi ndi ana awo.

Apa ndi pamene ntchito yake inasintha. Anakhala pansi ndi akatswiri a zachuma monga a Jeffrey Sachs, anaphunzira mmene IMF ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse zimagwirira ntchito, n'kuyamba kugogoda m'maofesi. Mu Seputembala 1999 anali m'gulu limene linakaonana ndi Papa Yohane Paulo Wachiwiri. Ku Washington anafunafuna makamaka anthu amene ankadana ndi thandizo la kunja. Wotchuka mwa iwo anali a Jesse Helms, phungu wa nyumba ya Senate wochokera ku North Carolina, amene Bono analankhula nawo pogwiritsa ntchito Baibulo limene onse awiri ankalidziwa. Chakumapeto kwa 2000 nyumba ya malamulo ya America inavomereza madola 435 miliyoni othandizira kukhululuka ngongole.

Mu 2005 kampeni ya Make Poverty History ndi maphwando a Live 8 a pa 2 Julayi zinapanikiza atsogoleri a G8 amene ankakumana ku Gleneagles, ku Scotland. Anagwirizana kufafaniza ngongole za madola pafupifupi 40 biliyoni za maiko 18, kuphatikizapo Zambia, Mozambique ndi Tanzania. Malawi inakwaniritsa zofunika mu 2006, ndipo ngongole yake ya kunja inatsika kuchoka pa madola pafupifupi 3 biliyoni kufika pafupifupi 400 miliyoni. Chaka chomwecho Zambia inathetsa malipiro m'zipatala za boma za kumidzi. Kuno nkhondoyi inali ndi asilikali ake: Jubilee Zambia, imene inkayendetsedwa kudzera ku Jesuit Centre for Theological Reflection ku Lusaka, ndi Malawi Economic Justice Network, imene inabadwa kuchokera m'kampeni ya Jubilee mu 2000.

Mankhwala a edzi

Kumayambiriro kwa 2002 Bono anafika ku Malawi pamodzi ndi a Sachs, pa nthawi imene zipatala zinali zodzaza ndi odwala edzi ndipo ma ARV anali a anthu ochepa okha okhoza kugula. Chaka chomwecho iye, Bobby Shriver ndi anzawo anayambitsa bungwe la DATA, loona za ngongole, edzi ndi malonda mu Africa, ndipo mu Meyi anayenda ndi nduna ya zachuma ya America, a Paul O'Neill, ku Ghana, South Africa, Uganda ndi Ethiopia. Anayendanso m'matchalitchi ndi m'makoleji a m'katikati mwa America kulankhula ndi akhristu amene ambiri ankaona edzi ngati chilango. Mu Januwale 2003 Pulezidenti George W. Bush analengeza ndondomeko ya PEPFAR, ya madola 15 biliyoni pa zaka zisanu, imene akuti yapulumutsa miyoyo pafupifupi 25 miliyoni. Mu 2004 Malawi inayamba kupereka ma ARV aulere ndi ndalama za Global Fund. Chaka chomwecho Bono ndi anzake anayambitsa bungwe la ONE, ndipo mu 2006 anayambitsanso RED, njira yoti makampani azipereka gawo la phindu la katundu wina ku Global Fund. Yasonkhetsa madola oposa 700 miliyoni.

Chitseko cha mankhwalawa anayamba kuchigogoda ndi odwala eni, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ku South Africa, Treatment Action Campaign, imene a Zackie Achmat ndi anzawo anayambitsa mu 1998, inalimbana ndi makampani a mankhwala ndi boma lawo lomwe. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inatsitsa mtengo wa mankhwala a munthu mmodzi kufika pochepera dola imodzi patsiku. Popanda zimenezi, ndalama za ku Washington zikanafikira anthu ochepa kwambiri.

Zimene otsutsa amanena

Madandaulo okhudza U2 ndi olemera, ndipo ena amachokera kwa anthu odziwa Africa bwino. Mu Disembala 2005 mlembi Paul Theroux, amene anaphunzitsapo ku Malawi m'zaka za m'ma 1960, analemba m'nyuzipepala ya New York Times kuti thandizo la zaka makumi ambiri silinasinthe dziko limene ankalidziwa, ndipo kuti oimba ngati Bono amafalitsa chithunzi chakuti Africa ingapulumutsidwe ndi alendo okha. Mu 2007 ku Arusha, mtolankhani wa ku Uganda, Andrew Mwenda, anatsutsana naye pamsonkhano, akunena kuti chuma chimakula ndi malonda ndi mabizinesi. Mu 2009 katswiri wa zachuma wa ku Zambia, Dambisa Moyo, anatulutsa buku la Dead Aid, lonena kuti thandizo limalemetsa maboma oipa, ndipo anadandaula kuti pa nkhani za Africa dziko limamvera oimba a kunja kuposa Aafrika. Lonjezo la ku Gleneagles lowonjezera thandizo la ku Africa ndi madola 25 biliyoni pachaka pofika 2010 silinakwaniritsidwe lonse.

Kwawo ku Ireland nkhani inali ya msonkho. Mu 2006, boma litaika malire pa ndalama zimene aluso ankapeza osadula msonkho, U2 inasamutsira gawo la bizinesi yake ku Netherlands. Zinali zololedwa ndi lamulo, koma anthu anafunsa kuti munthu angapemphe bwanji maboma kuti awonjezere thandizo iye akuchepetsa zimene amaponya m'thumba lomwelo. Funsoli silinayankhidwe mokhutiritsa. M'gulu momwemo, Larry Mullen ananena poyera kuti zimamuwawa kuona mnzake akujambulitsa ndi a Bush ndi a Tony Blair a ku Britain, amene anayambitsa nkhondo ya ku Iraq. Nyimbo ya "Walk On" anaipekera a Aung San Suu Kyi ali pa ukaidi wosachoka panyumba ku Burma, koma mu 2017 gululi linawadzudzula chifukwa chokhala chete asilikali akupha ndi kuthamangitsa anthu a mtundu wa Rohingya. Mu 2018 Bono anapepesa zitadziwika kuti ogwira ntchito ku ofesi ya ONE ku Johannesburg ankazunzidwa ndi owayang'anira.

Zimene zatsala

Gululi likuimbabe. Ulendo wake wa 360° wa 2009 mpaka 2011, umene unafikanso ku Johannesburg ndi Cape Town, unaoneredwa ndi anthu oposa 7 miliyoni. Linapereka mayuro 5 miliyoni oyambitsira Music Generation, ndondomeko yophunzitsa ana a ku Ireland zoimbaimba. Mu Meyi 2022 Bono ndi The Edge anaimba pasiteshoni ya sitima ya pansi pa nthaka ku Kyiv, kumene anthu ankabisala mabomba.

Zina mwa zimene anamenyera zayamba kubwerera m'mbuyo. Zambia inalephera kubweza ngongole zake mu Novembala 2020, patangotha zaka 15 chikhululukireni zakale, ndipo mu 2025 boma la America linadula kwambiri thandizo la kunja, zimene zinagwedeza zipatala zodalira PEPFAR. Izi zikutsimikiza mbali ina ya zonena za otsutsa: chimene chaperekedwa ndi nyumba ya malamulo ya dziko lina chingalandidwe ndi nyumba yomweyo. Zikutsimikizanso kukula kwa zimene zinapezedwa, pakuti pali anthu mamiliyoni amene analera ana awo mpaka kukula chifukwa cha mankhwala amene mu 2002 ankaoneka ngati maloto.

Phunziro la U2 kwa woimba aliyense amene akufuna kuti luso lake lithandize anthu lili pa zinthu zitatu. Anaiphunzira nkhani mpaka kutha kukambirana ndi nduna za zachuma. Anakhala nayo zaka makumi ambiri, makamera atachoka. Ndipo ntchito yawo inkayenda bwino kwambiri pamene ankakweza ena pansanja, monga anthu a ku Sarajevo, amayi a ku Chile ndi andale awiri a ku Belfast, kusiyana ndi pamene ankalankhula m'malo mwa kontinenti yonse. Bono anatula pansi udindo wake m'bodi ya ONE kumapeto kwa 2023, ndipo mu 2024 bungweli linasankha mayi wa ku Nigeria, a Ndidi Okonkwo Nwuneli, kukhala mtsogoleri wake. Nkhondo ya ngongole ndi ya mankhwala yayambiranso, ndipo ulendo uno oyenera kuitsogolera ndi aphungu, madokotala, atolankhani ndi oimba a maiko amene akusenza katunduyo.